Difu ya E36 yasiya kugwira: tiitsegule kapena tingoiwotcherera?

LOLEMBA

Wongani E36, 19:42
Madzulo abwino akuluakulu. Ndabwera ndi vuto. BMW 328i yanga ija Loweruka pa bwalo la mpikisano yandichititsa manyazi. Ndikamatuluka pa kona n'kuponda moto, tayala la m'kati limangolira n'kufuka utsi, galimoto osapita. Chaka chatha sinkatero. Pa kachitsulo ka pa difu palembedwa S kutsogolo kwa 2,93 ndiye ndikudziwa kuti ndi LSD. Kodi yatha? Nanga ikatha imakonzeka kuno ku Mzuzu, kapena ndiyambiretu kulira?

Vitu Spinner, 19:44
Wotcherera basi aise. Ma rod angapo, ola limodzi, nkhani yatha 😂

Chisomo Altezza, 19:45
Ndimadziwa kuti Vitu ayamba ndi zowotcherera. Munthu ameneyu ngakhale mutu ukamuwawa amaganiza za welding.

Madala Kondowe, 19:58
Wongani mwana wanga, usanamasule bawuti ngakhale imodzi, yamba wayeza. Kweza matayala onse akumbuyo pa jeke, handibuleki pansi, giya pa neutral. Zunguza tayala limodzi ndi manja. Linalo likutani?

Wongani E36, 20:21
Ndayesa madala. Linalo likutsatira mbali yomweyo, koma mwaulesi. Mphatso, mnyamata amene amandithandiza, ataligwira ndi dzanja limodzi laima, ine langa n'kumazungulirabe.

Madala Kondowe, 20:25
Mphatso yemwe uja wowonda ngati bango? Ndiye mapuleti a m'kati mwa LSD atha. Difu yamoyo akanaigwira ndi manja awiri n'kumukoka.

Tiwonge M., 20:40
Achimwene, dzanja la Mphatso si chida choyezera. Tsitsani tayala limodzi pansi, linalo likhale m'mwamba, ikani torque wrench pa nati ya pakati pa habu ndipo muone kuti likuyamba kuzungulira pa ma Nm angati. Nambala imeneyo muilembe pa pepala. Mukadzamaliza ntchito mudzafuna kudziwa kuti mwachoka pati.

Wongani E36, 20:43
Torque wrench yanga ndi yothetheka ija asisi, ilibe muvi.

Tiwonge M., 20:47
Imagwirabe. Yambani pa nambala yotsika, muzikweza pang'onopang'ono. Ikamathetheka tayala lisanasunthe, kwezani. Pamene tayala lasuntha iyo isanathetheke, mwafika.

Wongani E36, 21:15
Yanga imayambira pa 20. Pa 20 pomwepo tayala likuzungulira isanalire n'komwe.

Vitu Spinner, 21:16
Maliro amenewo. Ndibwere ndi makina mawa?

Jere Admin, 21:30
Ena m'gulu muno angolowa kumene, akundifunsa ku inbox kuti LSD n'chiyani. Wina afotokoze mwachidule tisanapite kutali. Komanso amene akufunsa ngati ndi mankhwala ozunguza bongo aja, ayi si amenewo.

Tiwonge M., 21:52
Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lam'kati, ndiye difu imalola kuti awiriwo azungulire pa liwiro losiyana. Vuto la difu wamba ndi lakuti mphamvu imaigawa mofanana, ndipo muyezo wake ndi tayala limene lagwira pang'ono. Aliyense amene anatitimirapo m'matope a ku Mchengautuwa mu February akudziwa: tayala limodzi lili pouma langokhala phee, linalo likuponya matope kwa anthu okankha. Louma lija likulandira mphamvu yochepa yomweyo imene lamatope likutha kunyamula. Pa bwalo la mpikisano zimachitikanso chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa matope ndi kulemera kwa galimoto kumene kwasamukira panja pa kona, tayala lam'kati n'kupepuka. LSD, kutanthauza limited slip differential, ndi difu imene imakaniza kusiyana kuja kuti kusapyole, mphamvu ina n'kupita ku tayala logwira.

Chisomo Altezza, 22:03
Yanga ndikaikweza matayala onse, linalo limazungulira chobwerera. Koma anandigulitsa akuti ndi LSD. Ndinaberedwa?

Madala Kondowe, 22:10
Osafulumira kukatukwana munthu. Ma Altezza RS200 ena anabwera ndi Torsen. Imeneyo ilibe mapuleti, ndi magiya okhaokha opiringizika, ndipo m'mwamba imachita ngati difu wamba. Imayamba kugwira pakakhala katundu. Ubwino wake siitha msanga ngati ya mapuleti. Kuipa kwake tayala likanyamuka pansi kotheratu, yasowa chochulukitsa, umangoima. Ya Wongani ndi mtundu wina, ya mapuleti, ndipo imeneyi ndiyo imakonzeka. Ikanakhala ya mafuta a silicone ngati za ma Nissan Silvia ndikanati itaye, chifukwa kachitini kake n'komata.

Chisomo Altezza, 22:12
Mwandipulumutsa madala, uthenga ndinali nditaulemba kale.

LACHIWIRI

Vitu Spinner, 07:05
Koma tikambe zoona, kusiya nthabwala. Mapuleti amenewo mu Mzuzu mulibe, ku Lilongwe kulibe. Uyitanitsa kunja, forex ili mmene ililimu. Ine Cressida yanga ndinawotcherera zaka zitatu zapitazo, mpaka lero ikuzungulira. Bwanji tikuvutitsa mnyamatayu?

Madala Kondowe, 07:48
Vitu, iwe ndi Wongani simuchita masewera amodzi. Iwe umafuna kumbuyo kuthawe, utsi utuluke, anthu akuwe. Pamenepo difu yowotcherera ndi yabwino, sindikutsutsa. Wongani akuthamangitsana ndi wotchi pakati pa ma cone, ndipo amalota zokayesa pa bwalo la mpikisano la Donnybrook ku Harare. Matayala akumbuyo ukawamanga pamodzi amafuna kupita kutsogolo kokha. Ukalowa pa kona yothina umakhota chiwongolero koma mphuno ikupitabe kutchire, mpaka uphwanye kumbuyo ndi moto kuti itembenuke. Nthawi yatayika pamenepo. Ndili ku Pretoria ndinkapita ku bwalo la Zwartkops ndi abwana amene ndinkawagwirira ntchito, ndipo ndinaona anyamata akuthyola ma shafti chifukwa cha zomwezi. Komanso galimoto imeneyi amapita nayo kuntchito. Mvula yowaza ya kuno ija, pa roundabout ya ku Katoto, difu yowotcherera idzamuonetsa kumene wachokera.

Vitu Spinner, 07:55
Shafti ndinathyolapo imodzi yokha.

Jere Admin, 07:56
Ziwiri. Yachiwiri tinakukoka ndife.

Wongani E36, 08:20
Ndinaganizapo zowotcherera, osanama. Koma kupha difu ya S pamene ena akuisaka ndi nyali, mtima ukukana. Ikanakhala wamba bwenzi ndatero kale. Ndiitsitsa madzulo ano.

Madala Kondowe, 08:34
Ukaitsitsa ubwere nayo ku Luwinga, koma manja akhale ako, ine ndizingoloza. Ndipo umve izi. Nati yaikulu ya kutsogolo, ya pinion, giya yaing'ono imene imalowetsa mphamvu ya injini mu difu, usaikhudze. Kuseri kwake kuli kachitsulo kamene kamaphwanyidwa kamodzi kokha kuti mabering'i athine pa muyezo. Ukaimasula wayambitsa ntchito ina imene sitinaiitane. Ngati pinion sikulira ndipo sikugwedera, isiye igone.

LACHITATU

Wongani E36, 13:10
Yatseguka. Oyilo watuluka wakuda ngati phula, fungo lake ngati mazira owola, m'munsi muli tinyenyeswa tonyezimira. Tiwonge musanafunse: inde, backlash, mpata wa pakati pa mano a pinion ndi a giya yaikulu ya crown wheel, tayeza tisanachotse kanthu. Madala anamata dial gauge pa dzino la crown wheel, ine n'kugwira pinion kuti isasunthe, n'kumagwedeza. Malo anayi ozungulira, ponse muvi ukusewera pa 0,10 mm, pamodzi pokha 0,11.

Tiwonge M., 13:14
Mwayamba kundisangalatsa. Fungo la mazira lisakuopseni, oyilo wa magiya amakhala ndi sulphur. Tinyenyeswato n'timene tikufuna tidziwe kumene tachokera. Mano a crown wheel ali bwanji?

Wongani E36, 13:31
Mano ndi osalala, palibe lobenthuka. Tinyenyeswa tachokera m'kati mwa LSD. Titamasula chivundikiro chake ndatulutsa chimodzichimodzi n'kumayala pa katoni motsatana, n'kujambula. Mapuleti a mano m'kati alipo awiri, mbali iliyonse imodzi. Khungu lake lokhakhala lija latheratu, akuwala ngati pansi pa sefuliya yokwechedwa ndi mchenga. Mapuleti a makutu ali ndi mizere yoti chikhadabo chikukodwa, ndipo imodzi yachita buluu. Komanso wochapa mmodzi wopindika ngati mbale uja wasweka, watuluka zidutswa ziwiri.

Chisomo Altezza, 13:33
Wochapa? 😂 Washa bwana, washa.

Wongani E36, 13:34
Foni iyi imandikonzera mawu ngati mphunzitsi wa Sitandade 4. Washa.

Madala Kondowe, 14:02
Washa ameneyo ndiye mwini nkhani. Alipo awiri, mbali iyi ndi iyo, ndipo ntchito yawo ndi ya sipuling'i. Amakanikiza mapuleti nthawi zonse, ngakhale phazi lisali pa moto. Ndi mphamvu yawoyo imene Tiwonge anakuyezetsa ndi torque wrench. Mmodzi atasweka, mapuleti anayamba kuseseleka mosalekeza, kutentha, kenako kutha. Buluu ameneyo ndi moto.

Bright Ma Spare, 14:20
Ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndikwera basi ya ku Johannesburg Lamlungu. Mundilembere bwinobwino zimene mukufuna, chifukwa ulendo wina munthu anangondiuza kuti "mapuleti a difu ya BMW" ndipo ndinabwera ndi a difu yaing'ono.

Madala Kondowe, 14:31
Eya, pamenepo anthu amagwa. Pali ya 168 mm, makamaka ya magalimoto a masilinda anayi, pali ya 188 mm, ndipo pali yaikulu ya 210 mm. Ya Wongani ndi 188. Nambalayo ndi kukula kwa crown wheel.

Vitu Spinner, 14:40
Funso. Kwathu kuno timadziwa kuti ukadula chitini cha zakumwa n'kulowetsa kuseri kwa mapuleti, difu imayambanso kuluma. Bwanji osangotero?

Tiwonge M., 15:05
Imalumadi, kwa kanthawi. Shimu imabwezeretsa kuthina kumene kwatayika chifukwa mapuleti apyapyala. Koma sibwezeretsa khungu lokhakhala limene latha, ndiye mukukhuza chitsulo pa chitsulo. Chachiwiri, chitini ndi aluminiyamu yofewa. Imaphwanyika, imanyenyeka, n'kukalowa m'mabering'i. Akanakhala mapuleti abwino ongochepa pang'ono ndikanati dulani shimu yachitsulo cholimba. Koma apa washa wasweka, palibe chokanikiza. Shimu ikankha chiyani?

Vitu Spinner, 15:07
Asisi inu mumandidana.

Tiwonge M., 15:08
Ndimadana ndi chitini.

LACHINAYI

Wongani E36, 06:50
Usiku sindinagone, ndimaonera mavidiyo pa YouTube mpaka bundle yatha. Ena akuti ndiike mapuleti anayi, ena akuti ndisinthe ma ramp akhale 30. Popeza yatseguka kale, bwanji osangochita zonse kamodzi? Koma ma ramp amenewa sindikuwamvetsa.

Madala Kondowe, 09:15
Tenga mphete ziwiri zazikulu zija zili pa katoni, uziphatikize. Pamene zakumana pali mipata yooneka ngati V, ndipo m'mipatamo ndi mmene mumagona timitengo topingasa tonyamula magiya ang'onoang'ono. Ukaponda moto, nyumba ya difu imakoka mphetezo, timitengo timakana, ndiye timakwera pa phiri la V ija n'kukankha mphete imodzi kumanzere ina kumanja. Zili ngati pong'amba chipika cha paini ku Chikangawa, ukakhoma chitsulo chosongoka chipika chimatseguka. Mphete zikatseguka zimafinya mapuleti. Moto wambiri, kufinya kwambiri. N'chifukwa chake difu imeneyi ndimaikonda: imamva phazi lako.

Madala Kondowe, 09:24
Tsono V ili ndi mbali ziwiri. Ina imagwira ukaponda moto, ina ukachotsa phazi injini ikamabweza. Ya ku fakitale ndi 45 uku 45 uku. Ukasema mbali ya moto kukhala 30, phiri lafupika kutsetsereka kwake, kamtengo kamakankha mwamphamvu, difu imamanga kwambiri. Ukaimika mbali inayo chilili pa 90, kamtengo kalibe pokwera, ndiye polowa pa kona difu imamasuka. Zimene mumamva achinyamata akuti 1-way, 1.5-way, 2-way pa ma LSD a makampani a Cusco ndi Kaaz ndi nkhani yomweyi. 2-way imaluma mbali zonse, 1-way pa moto pokha, 1.5 pa moto kwambiri pobweza pang'ono.

Tiwonge M., 10:02
Ndiwonjezere za 25% imene BMW amanena pa difu imeneyi, chifukwa ambiri amaimva molakwika. Sikutanthauza kuti tayala linalo limalandira gawo limodzi mwa anayi. Ndi kusiyana kwa mphamvu ya matayala awiriwo poyerekeza ndi mphamvu yonse. Pa 100, logwira lingalandire 62,5 pamene loterera 37,5. Ndiye logwira limaposa linzake pafupifupi ka 1,7. Mukafika pa 40% ndi 70 kwa 30, kuposa kawiri.

Chisomo Altezza, 10:05
Masamu m'mawa uno asisi, tisanamwe tiyi.

Wongani E36, 10:18
Ndiye ndisemetse? Pali munthu wa lathe ndi milling ku Luwinga komweko.

Madala Kondowe, 10:47
Ayi. Mphetezo ndi zowumitsidwa pamwamba. Ukasema wachotsa khungu lolimba, ndipo ukapanda kuziwumitsanso bwino kamtengo kadzakumba dzenje n'kukhazikikamo. Komanso mipata yonse iyenera kufanana ndendende, apo ayi wina ugwira ntchito wina ukugona. Mnyamata wa lathe uja ndi waluso, ndimamutumira ntchito, koma imeneyi si ya makina ake. Chimene ndingakulole ndi ichi. Pansi pa nyumbayo unatulutsa chitsulo chokhuthala chopanda ntchito, chongodzaza malo. Tayeza ndi veniya dzulo, 4 mm. Puleti ya makutu ndi 2, ya mano ndi 2. Ukachichotsa, malo ake mukulowa awiriwo popanda kusema kalikonse. Mapuleti ogwira akhala atatu m'malo mwa awiri. Anayi amafuna kusema chivundikiro kapena kugula opyapyala, ndipo pa injini yako imene sinasinthidwe kanthu sindikuona chifukwa.

Vitu Spinner, 10:52
Atatu? Mbali ina awiri mbali ina imodzi? Siikokera kumodzi ngati ngolo ya ng'ombe yotsimphina?

Tiwonge M., 11:10
Funso labwino limenelo Vitu, lero mwadzuka bwino. Pa pepala zimaoneka zopendekera. Koma magiya a pakati amamangiriza mbali ziwirizo: kumanzere kukathamanga kuposa nyumba ya difu, kumanja kumatsalira ndi muyezo womwewo. Ndiye puleti iliyonse, kaya ili mbali iti, ikukaniza kusiyana kumodzi komweko. Anthu ambiri amayendera atatu osadandaula.

Wongani E36, 11:30
Bright lembani: mapuleti a mano atatu, a makutu atatu, mawasha opindika awiri, ma seal a m'mbali awiri ndi ma O-ring ake, mabawuti atsopano a chivundikiro.

Madala Kondowe, 11:38
A makutu amabwera 1,9 ndi 2,0 ndi 2,1. Utenge atatu a 2,0 ndi awiri a 2,1 kuti tikhale ndi posewera. Akatsala ndigula ine.

Bright Ma Spare, 11:41
Oyilo?

Tiwonge M., 11:49
75W-140 wolembedwa LS kapena limited slip pa botolo. Malita awiri akwana. Musalole kuti akupatseni GL-5 wamba n'kumati ndi yemweyo. Wa LS ali ndi mankhwala othandiza kuti mapuleti aziseseleka mosalala. Wopanda mankhwalawo mapuleti amagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, ndiye pokhota mumamva gu gu gu kumbuyo ngati mwanyamula mbuzi m'buti.

PATAPITA MASABATA AWIRI, LOWERUKA

Wongani E36, 09:05
Katundu wafika dzulo, yewo chomene a Bright. Mtengo wake sindinena pano chifukwa mayi a kunyumba ali ndi abale m'gulu muno. Mapuleti agona mu oyilo usiku wonse monga ananenera madala.

Jere Admin, 09:07
Mlamu, ndawerenga.

Wongani E36, 12:40
Tamanga koyamba ndi a 2,1 awiri ndi 2,0 imodzi. Ndinkafuna iluma zenizeni. Tamanga flange imodzi pa vice, inayo torque wrench. Yakana mpaka 115 Nm.

Vitu Spinner, 12:42
Ndiye yabwino imeneyo! Tseka, tipite.

Madala Kondowe, 12:58
Ndamumasulitsa. Ikathina chonchi washa uja waphwatalala pafupifupi kutheratu, wasiya kukhala sipuling'i wasanduka chitsulo wamba, ndipo akaphwatalala amasweka ngati woyamba uja. Komanso kuthina kumeneku sikuchoka. Kulipo polowa pa kona, kulipo pakati, pamene ukufuna galimoto itembenuke. Ukhala wagula mapuleti odula kuti upeze khalidwe la difu ya Vitu. Mphamvu yomanga potuluka ibwere ndi ma ramp ndi puleti yachitatu ija, osati ndi kufinya.

Wongani E36, 14:15
Kachiwiri, onse a 2,0. Yatsika kufika 70. Madala akuti mapuleti akakhazikika itsikanso pang'ono ndipo pamenepo mpabwino. Kusiyana kwa 0,2 mm yokha, kuchepa kuposa chikhadabo, koma 45 Nm yapita. Sindikanakhulupirira ndikanapanda kugwira ndekha.

Tiwonge M., 14:19
Lembani pa pepala lija. Mabawuti a chivundikiro mwapaka Loctite?

Wongani E36, 14:21
Tapaka, titatsuka mabowo ndi brake cleaner kuti muume. Tamanga mopingasa, pang'onopang'ono.

Wongani E36, 16:48
Akuluakulu zavuta. Tabwezera mu nyumba yake, tamanga zivundikiro za m'mbali, backlash ikuwerenga 0,21. Inali 0,10. Pinion sitinaikhudze, crown wheel sitinaichotse, mabering'i ndi omwewo. Magetsi nawonso azima, tikuunika ndi foni.

Chisomo Altezza, 16:51
Mwina wotchi yoyezerayo yasokonekera?

Tiwonge M., 16:57
Mashimu a pansi pa zivundikiro za m'mbali. Munawasunga padera, lamanzere ndi lamanja?

Wongani E36, 17:20
Ndinawamanga ndi waya lililonse ku chivundikiro chake. Koma ndamufunsa Mphatso, wayang'ana pansi. Akuti sabata yatha anaona kuti ndi zakuda, anamasula mawaya n'kutsuka zonse mu beseni limodzi la parafini kuti andisangalatse.

Vitu Spinner, 17:21
😂😂😂 Mwana waukhondo.

Madala Kondowe, 17:40
Musamukalipire, ine ndinachitapo zoposa pamenepa ndili msinkhu wake, ndipo bwana wanga sanali wachifundo ngati Wongani. Ndamuyezetsa yekha ndi micrometer kuti aone. Pamaso mashimuwo ndi amapasa, koma lina ndi lokhuthala pang'ono. Onse awiri pamodzi ndi amene amapereka kuthina kwa mabering'i, ndiye ukawasinthanitsa kuthinako sikusintha, n'chifukwa chake pozunguza ndi dzanja sumva kanthu. Chimene chimasintha ndi malo a crown wheel, imasunthira kumbali. Apa yathawa pinion. Ikanasunthira mbali inayo mano akanalumana mopanda mpata, ndipo ikanatentha isanafike ku Ekwendeni.

Tiwonge M., 17:44
Ndiye mukanapanda kuyeza tsiku loyamba lija, 0,21 mukanaiona ngati yabwinobwino.

Wongani E36, 17:46
Sindikanayeza n'komwe asisi. Ndikanangomanga n'kudzamva kulira pa liwiro la 80.

Wongani E36, 18:35
Tasinthanitsa. 0,10, 0,10, 0,11, 0,10. Madala apaka utoto wa buluu pa mano angapo, tazunguza uku tikukanikiza crown wheel ndi chithabwa kuti ilemere. Chidindo chagwa pakati pa dzino, mbali zonse ziwiri, sichinathawire kunsonga kapena kutsinde. Mphatso wapuma.

Madala Kondowe, 18:41
Pobwezera chivundikiro chakumbuyo usamale kagudumu kopyapyala ka mano kaja. Ndi kamene sensa ya speedometer imawerenga. Kakapindika kakhula sensa, muvi wa liwiro ufa, ndipo apolisi a pamsewu sadzamva zoti unali kukonza difu.

LAMLUNGU

Wongani E36, 15:12
Yakwera. Oyilo tathira mpaka wayamba kutuluka pa bowo lothirira, galimoto ili pa malo osapendekera. Ndipite nayo ku Chiweta ndikaimve?

Jere Admin, 15:14
Ukapita ku Chiweta ndikuchotsa m'gulu. Msewu uja ndi wa matanki a mafuta ndi ma minibus odzaza anthu. Lamulo lathu ulidziwa, zoyesa ndi pa bwalo lotsekedwa.

Madala Kondowe, 15:30
Ndipo lero si tsiku lothamanga. Pita pa bwalo, uzijambula nambala 8 pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30. Utenge liwiro pang'ono poongoka, pokhota uponde kilatchi izingoyenda yokha. Tikufuna mapuleti akhulane mofatsa adziwane, osati uwawotche tsiku loyamba. Ukatero uyende nayo masiku angapo, kenako utaye oyiloyo uthire wina, chifukwa muli fumbi la mapuleti atsopano.

Wongani E36, 15:33
Oyilo wina? Madala mukudziwa mtengo wake?

Bright Ma Spare, 15:35
Ndinabweretsa malita anayi. Ndinadziwa kuti madala adzatero. Awiri enawo ali kwathu ku Chibanja, ubwere ndi ndalama.

Wongani E36, 17:50
Ndamaliza ma 8 aja, mutu ukuzungulira. Poyamba imachita gu gu pang'ono pokhota kwambiri, pofika kumapeto yachepa, yatsala ya apo ndi apo. Ndagwira chivundikiro, n'chofunda koma dzanja likupirira. Palibe kudontha. Ana a m'mudzi anasonkhana kudikira utsi, atatopa anayamba kundikuwiza kuti sinditha kuyendetsa.

Vitu Spinner, 17:52
Ana sanama.

LOWERUKA LOTSATIRA

Wongani E36, 16:20
Lipoti. Oyilo ndinasintha Lachinayi, woyambayo anatuluka wotuwa pang'ono koma wopanda zidutswa. Torque wrench pa habu tsopano ikunena 60. Lero taika ma cone monga tsiku lija. Pa kona imene tayala linkalira, ndikaponda moto galimoto ikukhala pansi n'kukankha, mizere yakuda ikutsala iwiri. Koma ndazungulira kawiri mosafuna. Kale ndikaponda mopyola tayala limodzi linkangopsa galimoto ili chiongokere, pano onse awiri akutaya limodzi ndipo kumbuyo kukubwera kudzandipatsa moni.

Madala Kondowe, 16:38
Difu yakale inkakubisira phazi lolemera. Uyambe kuponda ngati pansi pali dzira, ukaona chiwongolero chayamba kuongoka ndiye uwonjezere. Polowa ikutani?

Wongani E36, 16:45
Pa kona zazikulu yakhazikika kuposa kale. Pa yothina yozungulira cone imodzi ija mphuno ikukankha pang'ono, ndikuyenera kudikira.

Tiwonge M., 16:58
Musathamangire kutsegulanso. Yambani ndi zaulere. Sinthani mpweya wa matayala pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo wina azigwira wotchi. Matayala akutsogolo aja ndinawaona, ndi a mitundu iwiri yosiyana, limodzi la 2017. Mphuno ikukankha chifukwa cha amenewo kuposa difu.

Wongani E36, 17:01
Asisi mumaona zonse.

Vitu Spinner, 17:15
Madala, mwachitsanzo chabe, munthu atapeza difu ya mapuleti yokwana pa Cressida, mungamuthandize kuiona? Ndikufunsira mnzanga.

Jere Admin, 17:16
Mnzako wothyola ma shafti awiri uja?

Madala Kondowe, 17:29
Umuuze mnzakoyo abwere Lachiwiri m'mawa, ndipo makina owotcherera awasiye kunyumba. Wongani, mapuleti awiri a 2,1 aja ubweretse, ndi dial gauge yanga imene ili m'buti mwako kuyambira sabata yatha.